Mau Onena za Mano a Ana Aang'ono, Olankhulidwa pa Msonkhano wa Chaka ku Area 47

 Ndifuna kunena za mano 4 amene ana athu ambiri amataya makolo osadziwa.

Mwana amayamba kumera mano ali ndi miyezi ngati 6, ndipo pofika zaka 3 amakhala nao 20. Ambiri a ife timati, "Alekeni, adzaguluka okha amenewa." Koma pa zaka 6, kumbuyo kwa mano aubwanawo kumamera mano 4 akulu otafunira, awiri kumwamba ndi awiri kunsi. Iwo amatuluka popanda dzino lina kuguluka, motero kholo limayesa kuti naonso ndi aubwana. Iai, amenewa ndiwo a moyo wonse. Limodzi likabvunda ndi kuzulidwa, palibe lina lidzamera m'malo mwache.

Chimene chimabvunditsa dzino ndi ichi: m'kamwa muli tizirombo tosaoneka ndi maso, timene timadya shuga wotsalira ndi kutulutsa asidi wokumba dzino. Mwana wa ku Kawale kapena ku Chinsapo amene amwa tiyi wa shuga m'mawa, nagula maswiti popita ku sukulu, nadya mabisiketi pobwera, mano ache sapuma tsiku lonse. Koposa zonse, khanda lisagone ndi botolo la zotsekemera kukamwa.

Tsono tichite chiani? Dzino loyamba likangotuluka, liyambe kutsukidwa kawiri pa tsiku, makamaka pokagona, ndi mswachi wofewa ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Kwa mwana wosafika zaka 3 mankhwalawo achepe ngati njere ya mpunga. Kuyambira zaka 3 mpaka 6, ngati nsawawa imodzi. Akatha alabvule, asachukuche ndi madzi. Wamkulu amtsuke kapena amyang'anire kufikira zaka 7, pakuti dzanja la mwana silifika bwino kumbuyo kumene kuli mano aja. Nchito imeneyi si ya amai okha. Abambo nanunso muli ndi manja.

Dziko lathu lakhala ndi madokotala a mano ochepa ndithu. Maphunziro ao anayamba kuno kwathu m'chaka cha 2019 ku College of Medicine, imene tsopano iri mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo m'chaka cha 2022 Boma linakhazikitsa ndondomeko yache yoyamba ya umoyo wa m'kamwa. Komabe dokotala sangalowe m'nyumba iriyonse madzulo. Wotsuka mano a mwana ndinu.

Chifukwa chache ndikupemphani kuti lero lomwe muyang'ane m'kamwa mwa ana anu poyera. Mukaona banga loyera ngati choko, kapena lakuda, kapena kabowo, musadikire kuti tsaya litupe. Pitani naye ku chipatala cha pafupi, kapena ku mbali ya mano ya Kamuzu Central Hospital, dzino likadali lotheka kulimata.