Shuga, Kuthamanga kwa Magazi ndi Mwana Wobadwa Masiku Osakwana

Amayi anzanga, m'sewero lija munamva apongozi akunena kuti mwana wabadwa masiku osakwana chifukwa cha ufiti. Tiyeni tione zoona zake.

Pakati pamatenga masabata 40. Mwana akabadwa masabata 37 asanakwane, mapapo ake amakhala osakhwima, amavutika kuyamwa ndipo amazizidwa msanga.

Chimodzi chochititsa zimenezi ndi matenda a shuga. Mayi akakhala woyembekezera, nsengwa imatulutsa timadzi tolepheretsa thupi kugwiritsa ntchito shuga bwino. Shuga akachuluka m'magazi, mwana amanenepa kwambiri, madzi amachuluka m'chiberekero, ndipo kubereka kungayambe nthawi isanakwane. Kawirikawiri mayi samva chilichonse. Ndi chifukwa chake magazi amayezedwa pakati pa masabata 24 ndi 28.

China ndi kuthamanga kwa magazi, makamaka pakati pakapitirira masabata 20. Vutoli likakula, adokotala amakakamizika kubereketsa mayi msanga kuti apulumutse moyo wake ndi wa mwana.

Nanga inu muchite chiyani? Yambani sikelo miyezi itatu isanathe. Mu 2016 bungwe la WHO linalangiza kuti mayi aonedwe kasanu ndi katatu asanabereke. Auzeni anamwino ngati kwanu kuli wodwala shuga, kapena munaberekapo mwana wolemera kuposa makilogalamu 4. Idyani nsima ya mgaiwa, masamba, nyemba ndi usipa. Chepetsani zakumwa zotsekemera, ndipo muziyenda tsiku lililonse.

Mutu ukamapweteka kwambiri, mukamaona chimbuuzi, nkhope ndi manja zikatupa, kapena madzi akasweka nthawi isanakwane, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Musadikire tsiku la sikelo.