Piritsi limodzi m'malo mwa atatu: zomwe ndinayankhula pa mkumano wa kalabu

Ndikuona ena mukuseka kale kuti mwana wongomaliza Fomu 4 akufuna kukamba za matenda a mtima, poti timati amenewo ndi a azigogo ndi mabwana a ku Lilongwe. Inenso ndinkatero, mpaka chaka chatha pamene a malume anagwa akukumba mtedza.

A malume anali ndi BP. Kuchipatala ankawapatsa mapiritsi amitundu itatu, ena am'mawa ena amadzulo, m'timapepala tosiyana. Akamwa masabata awiri n'kumva bwino, ankati "ndachira", basi n'kusiya. Mtundu umodzi ukatha ankasiyanso inayo, eti ndalama ya kabaza yokatenga mtundu umodzi wokha n'kuwononga. Lero dzanja ndi mwendo wakumanja sizigwira, mawu amatuluka movutikira, ndipo msuweni wanga wa Fomu 2 wasiya sukulu kuti azigwira khasu. Pamudzi ena anati awalodza. Ayi ndithu, inali sitiroko.

Ndiye nditayamba kuwerenga pafoni ndinapeza chomwe azachipatala amachitcha polypill. Ndi piritsi limodzi koma mkati mwake muli mankhwala angapo: otsitsa BP, ochepetsa mafuta m'magazi omwe amati statin, ndipo nthawi zina asipirini woteteza magazi kuundana m'mitsempha. Ganizoli analilemba madokotala awiri a ku London, Nicholas Wald ndi Malcolm Law, mu 2003.

Kwa ife Amalawi izi si zachilendo ayi. LA amene timamwa tikadwala malungo ndi mankhwala awiri m'piritsi limodzi. Ma ARV omwe abale athu ambiri akumwa masiku ano ndi mankhwala atatu m'piritsi limodzi, kamodzi patsiku, ndipo tonse taona momwe anthu adzukira. Nanga mtima walakwa chiyani?

Anayesa kale. Ku Iran anatsatira anthu oposa 6,800 akumudzi kwa zaka zisanu, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2019 zinaonetsa kuti mwa omwe ankamwa polypill, matenda aakulu a mtima ndi sitiroko anachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mu 2022 kafukufuku wina wa ku Ulaya wotchedwa SECURE, wotsogozedwa ndi Valentin Fuster, anatenga anthu 2,499 omwe mtima unawagwirapo kale. Omwe ankamwa piritsi limodzi anafa ochepa ndi matenda a mtima kusiyana ndi omwe ankamwa mankhwala padera padera. Chinsinsi chake si mankhwala atsopano. Ndi omwewa akale, kungoti piritsi limodzi munthu saiwalaiwala. Mu 2023 bungwe la WHO linaika polypill pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Komabe dziko lililonse limakhala ndi mndandanda wake, ndiye musaganize kuti zikalembedwa ku Geneva m'mawa mwake zafika kuno kwa Mlonyeni.

Apa ndiye mundimvetsetse. Mapiritsiwa si a aliyense, ndi a munthu amene dokotala wamuyeza n'kuona kuti ali pachiopsezo, monga amene anagwidwapo kale ndi sitiroko kapena mtima. Asipirini amatha kutulutsa magazi m'mimba, makamaka kwa omwe ali ndi zilonda zam'mimba. Ena mwa mankhwalawa ndi oopsa kwa mayi woyembekezera. Ndiye chonde, tili pafupi ndi boda, zinthu zimalowa zambiri, wina asakagule tinthu pamsika ati "ndapeza aja ankanena mtsikana uja". Mundipha nazo.

Chomwe chinandiopsa kwambiri ndi ichi: kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti Mmalawi m'modzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo oposa 90 pa 100 aliwonse sankadziwa. Piritsi lingakhale labwino chotani, wosayezetsa silimupeza. Tawerengani makolo omwe akhala pamkekapo, muwagawe patatu.

Pempho langa ku komiti ndi loti tikalankhule ndi alangizi a zaumoyo, tipeze tsiku loyeza BP pano pabwalo. Aliyense abwere ndi kholo limodzi. Zikapitirira 140 pa 90, tiwaperekeze kuchipatala ife eni, ndipo kumeneko tikafunse ngati pali piritsi lophatikiza lomwe lingawayenere. Ine a malume ndimawawerengera ndekha mapiritsi madzulo alionse, ndimachonga pakalendala. Amene akufuna kuona kachongedwe kake andipeze tikamaliza.