Mitengo ndi mbalame za kwathu pa nsalu zathu: mawu a gulu la ku Bulawayo

Pa chikondwerero chathu chino, ife a ku Bulawayo tapatsidwa mpata wofotokoza za geni yatsopano imene tinaiyamba ndi ngongole ya m'thumba lathu lomweli. Tinena zonse, zokoma ndi zochititsa manyazi zomwe, chifukwa ndalama zimene tinagwiritsa ntchito ndi zanu.

Ambiri mwa ife tinabadwira konkuno. Agogo athu anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito ya njanji ndi ya m'migodi, nakhazikika ku Sizinda, ku Makokoba ndi madera ena. Ife adzukulu awo takhala tikudya za zitenje. Timapikula kutali, kudutsa nazo pa Mwanza, Zobue ndi Nyamapanda, kapena pa Beitbridge, n'kudzayala pamsika. Vuto lake mukulidziwa nonse. Chitenje chimene wayala iwe, mnzako wa benchi yoyandikana wayalanso chomwecho, pakuti nonse mwatenga pa mpukutu umodzi wochokera ku China. Wogula amangoyenda kufunsa mtengo, ndipo amene watsitsa kwambiri ndiye wagulitsa. Ukachotsa thiransipoti ndi msonkho wa pachipata, phindu lotsala ndi la sopo basi. Onjezani apo zimene ndalama ya dziko lino yatichita mu 2008, mu 2019, ndi pamene inabwera ZiG mu 2024. Tinakhala pansi amayi 7 n'kugwirizana kuti tipeze katundu amene wa benchi yoyandikana sangamupeze kwina.

Kuno ku Zimbabwe kuli luso lokongoletsa nsalu ndi phala, limene amalitcha sadza batik. Umatenga nsalu yoyera ya thonje, n'kulembapo chithunzi ndi pensulo. Kenako umaphika phala la ufa losalimba, kulithira m'botolo loboola pachivindikiro, n'kumalifinyira m'mizere ya chithunzicho. Likauma padzuwa umapaka utoto wa nsalu. Utoto ukauma umapala phala lija, ndipo pamene linali pamatsala mizere yoyera. Pomaliza nsaluyo imafunika kutenthedwa bwino kuti utoto ugwire, kenako kuchapidwa. Mayi aliyense wodziwa kuphika phala la mwana wayamba kale theka la ntchitoyi.

Funso linali lakuti tijambulepo chiyani. Apa mpamene tinapunthwa koyamba. Mu Okutobala misewu ya Bulawayo imasanduka yofiirira ndi maluwa a jacaranda, choncho nsalu zathu zoyamba tinadzaza jacaranda yekhayekha, n'kumauza ogula kuti uwu ndi mtengo wa makolo athu. Tsiku lina mayi wina wachikulire anaima pa benchi yathu, nayang'ana nsaluzo, natiuza mwaulemu kuti jacaranda anachokera ku South America ndipo kuno anachita kubzalidwa. Manyazi anatigwira. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Jacaranda sitinamutaye, timamujambulabe chifukwa ndi gawo la mzinda wathu, koma tinasiya kumunamizira mtundu.

Kupunthwa kwachiwiri kunali kwa utoto. Pofuna kupulumutsa mpamba tinagula wotchipa, ndiponso sitinatenthe nsalu mokwanira. Nsalu 12 za patebulo zinasuluka pa kuchapa koyamba, ndipo ogula anabwera nazo. Tinawabwezera ndalama zawo, mwezi umenewo ngongole ya gulu tinaibweza kuchokera m'matumba mwathu. Tsopano nsalu iliyonse timaduleko kachigamba n'kukachapa kawiri tisanaitulutse.

Titaphunzira zimenezi tinayamba kuyenda maso ali m'mwamba, foni ili m'manja. Tinazindikira kuti mitengo imene agogo athu ankaitchula ili konkuno, yangosintha maina. Muwale, umene anzathu a Chindebele amautcha umgqogqogqo, umachita maluwa ofiira ngati makala a moto nthawi ya chilimwe masamba atayoyoka, ndipo timbalame ta milomo yaitali yopindika timadzayamwa timadzi take. Mthethe umatulutsa timaluwa take nthawi ya mvula. Mvunguti umatsegula maluwa ake ofiira moderapo usiku, mileme n'kudzawayendera, m'mawa n'kuwapeza atagwa pansi. Milambe imene timaidutsa pa basi ku Tete nayonso imachita maluwa oyera aakulu otseguka madzulo, ndipo sakhalitsa. Tadutsa njira imeneyo zaka zambirimbiri tikuwerenga ndalama za pachipata, osaona duwa ngakhale limodzi. Ndipo panjira ya ku Harare, kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala, mitengo ya msasa imaphuka masamba ofiira isanabiriwire.

Foni ndiyo yatithandiza kwambiri. Duwa la masiku owerengeka ukalijambula uli nalo chaka chonse. Timajambula m'mamawa kapena chakumadzulo, dzuwa lili kumsana kwathu. Mtengo umodzi timaujambula katatu: wonse uli patali, nthambi imodzi, ndi duwa limodzi pafupi. Chithunzi cha pafupicho ndicho chimatiuza kuti duwa lili ndi mbali zingati ndipo tsamba lakhala motani. Tikangolemba za m'mutu, maluwa onse amatuluka ofanana.

Mbalame ndiye zimafuna mtima wautali. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ku Hillside Dams takhalapo m'mawa wonse kudikira nantchengwa kuti atere pamadzi, n'kubwerako ndi chithunzi cha mchira wokha. Nkhanga ndiyo yatikomera mtima, chifukwa madontho ake amatuluka bwino ndi phala, ndipo nsalu za nkhanga sizigona pa benchi. Nkhwazi imagulidwa mbali zonse za malire, pakuti ili pa chizindikiro cha boma la Malawi komanso pa mbendera ya Zambia. Kuno nakonso mbendera ili ndi mbalame yake, yotengera zija zosema pamwala za ku Great Zimbabwe. Maiko athu anayamba kale kudzitchula ndi mbalame, ife tangochedwa kuziika pa nsalu.

Tinapitanso ku Matobo, kummwera kwa mzinda uno, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2003. Amayi a kumeneko amakongoletsa makoma a nyumba zawo ndi dothi la mitundumitundu, makala ndi phulusa. Anatiphunzitsa kuti mitundu itatu yokha ikwanira ngati waiyala bwino. Zojambula zawo sitikopera, ndi zawo. Tinangotengako phunzirolo, ndipo latichepetsera ndalama za utoto.

Pali lamulo limodzi limene tinadziikira. Timatenga chithunzi, mtengo ndi mbalame timazisiya pomwepo. Duwa la dziko lino, flame lily, ndi lotetezedwa ndi malamulo, komabe nthawi ya mvula mumaona anthu akuligulitsa m'mbali mwa msewu. Ife sitigula, sitithyola. Ana athunso tawaletsa malegeni. Muwale ukadulidwa kapena nkhanga zikatha, geni yathu yathera pomwepo.

Za ngongole, tikuuzeni mosabisa kuti tinamaliza kubweza, ngakhale tinachedwa ndi mwezi umodzi ndipo chindapusa tinalipira. Sitinalemere ayi. Zitenje zopikula tikugulitsabe, chifukwa ndizo zimabweretsa ya ndiwo tsiku ndi tsiku. Koma nsalu ya phala ikagulidwa, wogula sapita pa benchi ina kukafunsa mtengo, ndipo ena amabweranso kudzaitanitsa ya mbalame imene akuifuna.

Tsono tili ndi mapempho awiri. Loyamba, mayi aliyense pano ali ndi foni ndipo amayenda njira zimene ife sitifikako. Mukaona mtengo wachita maluwa ku Dedza, ku Katete kapena ku Angonia, jambulani katatu monga tanenera, mutumize pa gulu lathu la WhatsApp pamodzi ndi dzina lake, malo ndi mwezi. Dzina mukapanda kulidziwa funsani agogo a pamudzipo. Chithunzi chanu chikalowa pa nsalu, dzina lanu lidzalembedwa m'buku ndipo mudzalandira gawo lanu. Lachiwiri tikupempha komiti iganizire zopereka nthawi yotalikirapo yobwezera ngongole kwa amayi opanga katundu ndi manja, chifukwa phala siliuma nthawi ya mvula, ndipo nsalu siyenda msanga ngati tomato.

Nsalu imene yayalidwa patebulo la mayi wapampando ndi ya muwale ndi nkhanga. Tikatha pano bwerani muigwire, muitembenuze, muifunse mafunso. Amene akufuna kuphunzira, botolo ndi ufa tabwera nazo.