Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Nyumba Yachitsanzo ku Matawale

A Tcheyamani a mwambo uno, a Meya a mzinda wa Zomba ndi makhansala onse, a Bwanamkubwa a boma lino, mafumu athu, magulupu ndi nyakwawa, abusa, ansembe ndi mashehe, aphunzitsi a ku Yunivesite ya Malawi, akuluakulu a nthambi ya boma yofufuza za miyala ndi nthaka, imene likulu lake lili konkuno ku Zomba, amisiri omanga, amayi a kwaya amene mwatiimbira mokoma, achinyamata, atolankhani, amayi ndi abambo, ndakulonjerani nonse. Amene ndamudumpha andikhululukire, m'mtima ndamutchula.

Ndangotuluka kumene m'nyumba iyi. Kunja kuno dzuwa likuswa mtengo, koma m'katimo ndaika dzanja pakamwa pa paipi n'kumva kamphepo kozizira bwino. Mulibe makina odula. Amisiriwa anakumba ngalande yakuya mamita awiri, n'kuyalamo mapaipi ataliatali. Mpweya ukalowa uko kumapeto, umayenda pansi, nthaka n'kuuziziritsa, ndipo kafani kakang'ono koyendera sola kamaukokera m'chipinda. Kuya kotere, nthaka sisinthasintha ngati mphepo ya kunja. Mu Okutobala imakhala yozizirirapo, mu Juni yofundirapo. Paipi yomweyo imagwira ntchito ziwiri.

Zachilendo kodi? Agogo athu ankasunga mbatata m'nkhuti. Madzi a mumtsuko ankazizira popanda firiji. Nyumba ya udzu inali yozizira masana, yofunda usiku. Ife tinathamangira malata, ndipo sitinalakwe, koma ambiri tinaiwala siling'i ndi mawindo okwanira. Mwezi uno abambo angati mukugona pakhonde? Musabise, amayi akuona!

Anzathu kwina anapita patali. Ku Iceland, nyumba pafupifupi zisanu ndi zinayi mwa khumi zilizonse zimafunditsidwa ndi kutentha kochokera pansi pa nthaka. Ku Kenya akhala akupanga magetsi ndi nthunzi ya pansi ku Olkaria kuyambira 1981. Nafenso tili ndi akasupe a madzi otentha, monga a ku Chiweta ku Rumphi. Zimenezo zimafuna ndalama zambiri ndi makina oboola kutali. Zathu zino zimafuna khasu, piki, mapaipi ndi mmisiri wosaba simenti.

Tisaiwale Januwale 2022. Namondwe Ana ataononga siteshoni ya magetsi ya Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tonse tinalawa mdima. Boma ndi kampani yopanga magetsi ya EGENCO anagwira ntchito yotamandika kubwezeretsa siteshoni ija. Komabe nyumba imene imazizira yokha sidikira kuti magetsi ayake.

Tsopano ndikhudze chimene chimandiwawa. Chiperoni chikatsika phiri la Zomba ili mu Juni ndi Julayi, ena mumalowetsa mbaula m'chipinda, n'kutseka chitseko ndi mawindo, ana ali m'tulo. Mpweya woipa wa makala suoneka, sununkha, koma umapha. Chonde, abale anga, lekani. Ndipo makalawo akuchokera kuti? Tembenukani muone phirilo. Mmene mwayera mbee umo munali mitengo. Mtsinje wa Mulunguzi umene timamwa tonse umadalira mitengo yomweyo, ndipo aliyense wogula thumba la makala m'bandakucha ali ndi mbali yake.

Inu amisiri, mwagwira ntchito yabwino, koma mverani. Paipi izipendekeka pang'ono kuti madzi a chinyezi azituluka, apo ayi mudzabweretsa nkhungu ndi chifuwa m'nyumba za anthu. Kukamwa kwake ikani sefa, udzudzu, makoswe ndi njoka zisapeze msewu. Pamalo a lowe musakumbe, muuzeni mwini nyumba zoona ngakhale ndalama ikupiteni. A Meya, anthu akamabweretsa mapulani kukhonsolo, alangizeni zimenezi maziko asanakumbidwe, chifukwa ndi pamene mtengo wake umatsika. Aphunzitsi athu, tumizani ophunzira adzayeze kutentha kwa m'nyumba muno chaka chathunthu, tidzalankhule ndi manambala athuathu.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti nyumba yachitsanzoyi yatsegulidwa. Mafumu ndi agogo atsogole, ana pambuyo, ndipo aliyense akaike dzanja pa paipi paja.