Mwana Akalira, Timve Chimene Chili Mumtima Mwake

Lero tikambe za ana ang'ono, amene mitima yao imawawa monga yathu, koma mau onenera ululuwo alibe.

Pamene namondwe wa Freddy anaomba m'mwezi wa Marichi chaka cha 2023, anthu mazanamazana anafa ku Blantyre, Phalombe, Mulanje ndi Chiradzulu. Mwana amene anaona matope akukokolola nyumba angayambenso kukodza pamphasa, kukakamira chitenje cha amake, ndi kulira mitambo ikangoda. Zoterezi zimachitikanso pa maliro, kapena pamene mwana wabadwiridwa mng'ono wake. Ife timafulumira kunena kuti ndi mwano, ndi kuthyola kamtengo. Koma si mwano ai: ndi mantha, chisoni kapena nsanje.

Tidziwe kuti mbali ya ubongo imene imathandiza munthu kuugwira mtima imakula pang'onopang'ono, ndipo imakhwima munthu atapitirira zaka 20. Tsono wa zaka 3 augwira bwanji yekha?

Nazi zimene tingachite. Choyamba, tigwade pansi, timyang'ane, titchule dzina la chimene akumva: “Wakwiya chifukwa mkulu wako wakulanda chimanga.” Akamva dzinalo kawirikawiri, tsiku lina adzalinena yekha m'malo moluma mnzake. Chachiwiri, tilole mkwiyo koma tiletse choipa: “Kukwiya kulibe mlandu, koma kumenya ai.” Chachitatu, madzulo pa nthano tifunse: “Kodi njobvu inamva bwanji pamene kalulu anaipusitsa?” Akamaumba ng'ombe zadothi, timvetsere zimene akunena. Chachinai, pa maliro tisamnamize kuti agogo apita ulendo, pakuti adzawadikira panjira. Ndipo tileke mau akuti “mwamuna salira”, pakuti misozi yobisa lero ndiyo nkhonya za mawa.

Mu 1991 dziko la Malawi linabvomereza Pangano la United Nations la Ufulu wa Ana, limene linena kuti maganizo a mwana amvedwe. Tigwirizane ndi alezi a kumkombaphala. Mwana akaleka kudya kapena kusewera masabata angapo, tipite naye kuchipatala. Ngati akuzunzidwa, tiimbe nambala yaulere ya 116.

Abale, kuongola mtengo mpoyamba. Mwana amene timammvera lero ndiye adzamvera anzake pabwalo mawa. Tipite tikayambe m'nyumba mwathu usiku uno.