Mavuto Satha, Koma Tiyi Timwe Ndithu

 Tikuyamika Mulungu amene watiyendetsa m'misewu italiitali n'kutifikitsa pano tili amoyo. Tikulankhula m'malo mwa amayi a mumsika wa Limbe, ife a zitenje, a kaunjika, a tomato ndi a usipa.

Atatiuza kuti tidzalankhule pa chikondwerero chino, tinakhala pansi n'kufunsana kuti tikanene chiyani. Za masheya ndi chiwongoladzanja asungichuma afotokoza kale, ndipo manambala ali m'mabuku. Choncho tinagwirizana kuti tibweretse maganizo a mmodzi mwa atsikana a m'gulu lathu. Ali ndi zaka 23, ali ndi mwana mmodzi, ndipo amapita ku Joni kukapikula mabulangete, nsapato ndi mafuta odzola. Watilola kunena zimene amaganiza, bola tisamutchule dzina. Tachita dala kusankha wamng'ono, chifukwa m'misika mwathu mumamveka kawirikawiri mawu akuti atsikana a masiku ano ndi okonda zokoma, sadziwa kupirira. Tinafuna timve kwa mwiniwake.

Mtsikanayu amati mavuto ali mitundu itatu, ndipo si bwino kuwaika m'dengu limodzi.

Oyamba ndi aja amagwa ngati mvula, osasankha denga. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, iye ankachita lendi ku Chilobwe, kunsi kwa phiri la Soche, kumene matope ndi miyala zinatsika usiku n'kukokolola nyumba. M'dziko lonse la Malawi anthu oposa 1,000 anatisiya, ndipo amayi a ku Mozambique muli panowa mukudziwa kuti kwanunso namondweyu sanadutse mwaulemu. Iye anapulumuka ndi mwana kumsana, koma katundu amene anali atangobwera naye anapita ndi madzi. Atangoyamba kudzuka, mu Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Dola imene inali pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Iye n'kuti atatenga kale ngongole m'gulu yoti akapikulire. Ndalama imene ikanagula mabulangete 10 inagula 7 okha, koma ngongole yobweza sinachepe ngakhale tambala.

Achiwiri ndi mavuto opangidwa ndi anthu. Pali kasitomala amene amatenga bulangete n'kunena kuti alipira mwezi ukatha, mwezi ukatha foni yake siipezekanso. Pali achibale amene akangomva kuti mwana wa uje akupita ku Joni, amamusandutsa banki: fizi ndi iye, feteleza ndi iye, maliro ndi iye. Pali amuna a m'njira amene akaona mtsikana ali yekha ndi zikwama zolemera, ndalama zitamuthera, amamuuza kuti asadandaule, amuthandiza kuolotsa katundu popanda kulipira. Tonse muno ndife akuluakulu, tikudziwa malipiro amene amafunidwa pamenepo. Palinso mantha a kudziko la eni. Chiwawa chimene chinachitikira alendo ku South Africa mu 2008, mu 2015 ndi mu 2019 sichinaiwalike, moti mtsikanayu akakwera takisi kumeneko amangokhala duu, kuopa kuti chilankhulo chimuulula.

Achitatu ndi a mumtima, amene saoneka ndi maso. Kugona masiku awiri pampando wa basi, kuchoka ku Mwanza, kudutsa ku Tete, ku Nyamapanda, ku Harare mpaka ku Beitbridge, mwana utamusiya kwa agogo ake akutsokomola. Kudzidzimuka pakati pa usiku n'kuyamba kuwerengera ngongole m'mutu. Kutsegula Facebook n'kuona anzako a kusukulu atavala mikanjo ya ku yunivesite, ena ali pa ukwati woyera, iwe uli pansi pa shedi kuthamangitsa ntchentche. Ndiponso manyazi oti uimirire pagulu n'kunena kuti amayi, mwezi uno zandivuta.

Tsono kaganizidwe kake ndi aka. Akuti mavuto oyamba aja munthu amangopemphera n'kutsamira anzake, ndipo thumba la zadzidzidzi la m'gulu lathu linamuthandizadi kudzuka. Achiwiriwo munthu amaphunzira kuchenjera ndi kukana. Koma achitatu ndi amene amagwetsa bizinesi mwakachetechete, chifukwa mtima ukatopa ngakhale masamu sayenda. Ndipo mankhwala amene iye anapeza a mavuto achitatuwa si aakulu ayi. Ndi tinthu ting'onoting'ono.

Titamufunsa kuti tinthu take ndi titi, anatiwerengera, ndipo enafe tinaseka chifukwa tinadziona tokha. Tiyi wa mkaka ndi mandasi awiri otentha m'mamawa, msika usanadzadze, atakhala pansi osayankha munthu. Kuvula nsapato madzulo n'kuviika mapazi m'beseni la madzi ofunda. Kusamba koyamba pobwera ku ulendo, fumbi la mayiko atatu likutsika ndi thovu. Nsima ya mgaiwa ya usipa ndi nkhwani wotendera, pambuyo pa masiku angapo a buledi ndi zakumwa za m'botolo. Kuona madzi a Zambezi basi ikamaoloka mlatho ku Tete. Kumva munthu wosamudziwa akulankhula Chichewa pafupi ndi Park Station, n'kupatsana moni ngati apachibale. Mawu a mwana wake pa WhatsApp akufunsa ngati amugulira maswiti. Fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa. Kulukidwa tsitsi Loweruka madzulo ndi mnzake, uku akuseka nkhani zopanda mutu. Kwaya ya Lachinayi. Ndipo pa chaka kamodzi, pa tsiku logawana ndalama, amadzigulira chitenje chimodzi cha kumtima kwake, chosati chogulitsa, chosati cha maliro, chosati yunifolomu ya mpingo kapena ya gulu. Chake basi.

Wina angafunse kuti kodi munthu wa ngongole n'kumamwa tiyi wa mkaka? Mtsikanayu ali ndi mayankho awiri, ndipo ndi amene atibweretsa pano.

Loyamba, akuti munthu amene amadikira kuti mavuto athe kaye ndiye adzasangalale, adzalowa m'manda asanalawe kanthu, chifukwa mavuto satha, amangosinthana ngati ma minibasi pa siteji. Anaona mayi ake akumana zonse, akudya mkute, akuvala chitenje chimodzi mpaka kuyera, akunena kuti adzapuma ana akadzakula. Ana anakula, adzukulu anabwera, ndipo mayiwo anamwalira asanapume. Iye amawalemekeza kwambiri mayi akewo, koma akuti njira imeneyo safuna kuyendamo mpaka kumapeto.

Lachiwiri ndi lakuthwa kuposa loyamba. Akuti mtsikana amene amatha kudzigulira yekha tchipisi ndi Fanta ndi ndalama ya thukuta lake, sangagulidwe ndi tchipisi ndi Fanta. Amene amadzimana chilichonse, tsiku lina njala ya zokoma imamukulira, ndipo amene adzayambe kumuonetsa kachikwama ndi amene adzamutenge. Amayi, taganizani bwino mawu amenewa. Atsikana angati amene tinayamba nawo m'magulu mwathu anasowa, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa chotopa ndi moyo wopanda kakomedwe n'kamodzi komwe?

Magulu athuwa ali ndi mayina osiyanasiyana. Ife timati banki mkhonde kapena chipeleganyu, a ku Zambia mumati chilimba, a ku Zimbabwe mukando, a ku Mozambique xitique, a ku South Africa stokvel. Njira ya bokosi lokhala ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu, inayambira kwa amayi a ku Niger mu 1991 mothandizidwa ndi bungwe la CARE, koma kusonkherana kokhako agogo athu ankakudziwa kale. Mukatsegula mabuku athu onse mupeza chinthu chimodzi chofanana. Muli masheya, muli ngongole, muli chindapusa cha ochedwa, muli thumba la matenda ndi maliro. Zonsezi n'zofunika, ndipo zatipulumutsa kambirimbiri. Koma mwana wathuyu akutifunsa kuti, kodi timasunga ndalama kuti tidzaikidwe m'bokosi labwino basi? Nanga tili moyo?

Apa tisamvane molakwika, makamaka inu atsikana. Mnzanuyu sakunena kuti tizidya mpamba. Lamulo la mumsika silinasinthe: mpamba sadya. Tiyi wake amachokera pa phindu la dzulo, atachotsa kale ya sheya, ya lendi ndi ya ufa. Tsiku limene sanagulitse amamwa wopanda mkaka, ndipo sadandaula. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kachisangalalo kamene munthu wadzigulira ndi phindu lake, ndi foni yodula yotengera katapila kuti anthu a pa intaneti akuyamikire. Choyambacho chimakupatsa mphamvu zodzukira mawa. Chachiwiricho ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Njira yodziwira ndi yosavuta: ngati chinthucho chikukoma ngakhale palibe amene akukuona, n'chako. Ngati chikukoma pokhapokha anthu akuona, wagulira anthu.

Tsono ife a ku Limbe tabwera ndi mapempho asanu, kuti mukawaganizire m'magulu mwanu.

Choyamba, pa tsiku logawana, mayi kapena mtsikana akapatula kangachepe n'kudzigulira kanthu kake, timuombere m'manja monga timachitira ndi amene wagula malata. Onsewo agwira ntchito chaka chathunthu.

Chachiwiri, pambali pa thumba la zadzidzidzi, gulu lililonse liganizire kathumba kena kakang'ono ka chisangalalo. Aliyense aziponyamo kochepa kosapweteka, ndipo pakatha miyezi itatu tiziphika mpunga, tizimwa thobwa, tizivina popanda maliro kapena chinkhoswe chotisonkhanitsa. Gulu limene limakumana pa ngongole pokha limatha msanga.

Chachitatu, mtsikana asamayende yekha ulendo wa kunja. Amayi amene mwadutsa m'zipatazi zaka zambiri, tengani wamng'ono mmodzi akhale pambali panu m'basi. Amuna a m'njira aja amaopa mayi wamkulu amene amadziwa mitengo ndi malamulo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chachinayi, tiwaphunzitse malamulo amene anaikidwa kuti atithandize. Pakati pa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pali ndondomeko ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono. Katundu wolimidwa kapena wopangidwa m'mayiko amenewa, amene ali pa mndandanda umene mayikowo anagwirizana, ndipo mtengo wake sukupitirira malire amene anaikidwa, amaoloka ndi mapepala osavuta, popanda msonkho wolowetsera katundu, ngakhale kuti misonkho ina ya m'dziko imakhalapobe. Pa chipata cha Mchinji ndi Mwami pali desiki yothandiza amalonda pa zimenezi. Katundu wa ku Joni ndi wa ku Mozambique sali m'ndondomeko imeneyi, choncho mtsikana adziwiretu za msonkho asananyamuke, ndalama yake aipatule padera, ndipo akalipira alandire lisiti. Wodziwa lamulo sadutsa njira za kutchire, ndipo sasowa womuolotsa.

Chachisanu, tiwapatse atsikana mipando ndi mpata wolankhula. Mmodzi asunge kiyi, wina alembe m'buku, pakuti ambiri a iwo masamu a pa foni amawadziwa bwino. Ndipo pa msonkhano uliwonse, tisanatsegule bokosi, apampando azifunsa ngati alipo amene zamuvuta mwezi umenewo. Munthu akanena msanga, gulu limatha kumuonjezera masiku. Akabisa, amakathera kwa a katapila, kenako amasowa mumsika, ndipo gulu limataya ndalama ndi munthu yemwe.

Kwa inu atsikana, mawu athu ndi awa. Moyo wa geni ndi wowawa, sitikunamizani. Mudzaluza katundu, mudzalira m'basi anthu ali mtulo, ndalama idzagwanso mphamvu tsiku lina. Ifenso a zaka za m'ma 40 tinadutsa momwemo, ndipo tikudutsamobe. Akuluakulu anati sunga khosi, mkanda uoneka. Sungani khosilo, musaligulitse kwa munthu aliyense. Koma podikira mkandawo, musadzilange. Idyani nsima yanu ikadali yotentha. Sekani ndi anzanu. Bwezani ngongole pa nthawi yake, ndipo kotsalako muzidziwa kuti n'kanu, simunabe.

Kwa inu amayi anzathu, tiyeni tiwamvere anawa. Nzeru sizikhala ku imvi kokha. Mgwirizano wathu udzafika zaka zina zambiri ngati atsikanawa akhalamo, ndipo adzakhalamo akaona kuti muno muli moyo, osati ngongole zokha.

Amayi apampando, taona kuti mapoto afika kale kukhomoko, ndipo ife sitifuna kukhala anthu olalikira za chakudya chotentha uku tikuchizizitsa.  Amene mubwerere kutali, Mulungu akuyendetseni bwino, zipata zikutsegukireni, ndipo mukapeze ana ali bwino kunyumba.