Mwana wa Kumudzi Afike ku Sukulu Asanatope

 Nkhani imene ndifuna kuti tiganizire pamodzi lero ndi ya ulendo umene mwana wa kumudzi amayenda m'mawa uliwonse kuti akafike ku sukulu ya sekondale, ndi chimene Boma lingachite kuti ulendowo ukhale waufupi ndiponso waulere.

M'chaka cha 1994 maphunziro a pulayimale anakhala aulere m'dziko muno, ndipo chiwerengero cha ana m'sukulu chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. M'chaka cha 1998 malo amene kale anali ophunzirirako mwa makalata anasandutsidwa sukulu za sekondale zoyendera, zimene tonse tizidziwa ndi dzina lakuti CDSS. Cholinga chake chinali chabwino: kuti mwana aziphunzira akugona kwawo, makolo osalipira ndalama za chakudya ndi malo ogona. Koma sukulu imodzi yoyendera imalandira ana ochokera m'sukulu zingapo za pulayimale, ndipo midzi ya ana ena ili kutali ndithu.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mwana amene kwawo kuli pa mtunda wa makilomita 10 amayenda maola awiri kupita, maola awiri kubwera. Pa mlungu ndi maola 20. Kuti akapezeke m'kalasi pa hafu pasiti seveni ayenera kunyamuka kusanache, kawirikawiri wosadya kanthu, ndipo pobwerera amapeza ntchito za pakhomo zikumudikira. Mwana wotere adzawerenga nthawi yanji? Komatu pa mayeso a MSCE amapatsidwa mafunso omwewo amene amapatsidwa mnzake wogonera pa sukulu, amene kalasi lake lili pa khomo penipeni.

Kwa atsikana vutoli n'lalikulu koposa. Ena amatopa n'kusiya sukulu. Ena makolo amawachitira lendi tizipinda pafupi ndi sukulu, kumene amakhala okha popanda munthu wamkulu wowayang'anira. Ufa ukatha, amene ali ndi ndalama m'thumba amapezerapo mwayi. Aphunzitsi aakulu amene muli muno mukudziwa bwino kuti mimba zambiri zimayambira kumeneko. Tingachotse fizi yonse, koma mtunda ukakhala momwemo, mwana wa kumudzi adzakhala akulipirabe, ndi miyendo yake, ndi tulo take, ndipo nthawi zina ndi tsogolo lake lomwe.

Maiko ena anaiona kale nkhaniyi. Ku England lamulo la maphunziro la 1944 linaika udindo pa akuluakulu a maphunziro m'madera wonyamula mwaulere mwana wa zaka 8 kapena kuposerapo amene sukulu yake ili kutali kupitirira mamailosi atatu. Ku South Africa ndondomeko ya Boma yonyamula ana a sukulu inakhazikitsidwa mu 2015, komabe ana a ku Nquthu, m'chigawo cha KwaZulu-Natal, anapitirira kuyenda pansi mpaka bungwe la Equal Education linatengera nkhaniyo ku khoti, ndipo mu 2017 khoti linalamula kuti ana a sukulu 12 apatsidwe mayendedwe. Phunziro lake ndi lakuti ndondomeko yolembedwa pa pepala, yopanda ndalama zake mu bajeti, sinyamula mwana ngakhale mmodzi.

Chitsanzo choyenera ife kwambiri ndi cha Bihar, chigawo chosauka cha dziko la India. M'chaka cha 2006 boma la kumeneko linayamba kupatsa mtsikana aliyense wolowa sekondale ndalama zogulira njinga. Akatswiri awiri, Karthik Muralidharan ndi Nishith Prakash, atafufuza anapeza kuti chiwerengero cha atsikana olowa sekondale pa msinkhu woyenera chinakwera ndi 32 peresenti, ndipo kusiyana kwa anyamata ndi atsikana kunachepa ndi 40 peresenti. Kusinthako kunaoneka makamaka m'midzi ya kutali ndi sukulu.

Chifukwa chake tikamanena za mayendedwe aulere, tisafulumire kuganiza za basi yokha. Basi ifuna mafuta ogulidwa ndi ndalama zakunja, ifuna dalaivala, ifunanso msewu wabwino. Ingathandize ana okhala m'mbali mwa misewu ya phula monga M1, koma midzi yambiri imafikidwa ndi tinjira timene galimoto silowamo m'nyengo ya dzinja. Kumeneko njinga ndiyo yoyenera, pakuti ulendo wa maola awiri imausandutsa wosakwana ola limodzi. Kumapiri monga ku Neno kapena ku Misuku, kumene njinga imakankhidwa nthawi yaitali kuposa imene imakweredwa, chofunika ndi nyumba zogona ana zokhala ndi mayi wowayang'anira. Dera lililonse lilandire choyenera dziko lake.

Tsono pali zinthu zitatu zimene ndikupemphani.

Choyamba, kwa inu a maofesi a maphunziro: lembani mtunda umene mwana aliyense wa Folomu 1 amayenda, mudzi ndi mudzi, kuti pogawa tiyambe ndi wa kutali koposa, atsikana patsogolo. Popanda kaundula wotere tidzagawa mongoganizira.

Chachiwiri, kwa inu a za chuma: walira mvula walira matope. Njinga imaphulika chubu, imaduka tcheni, imatha matayala. Pogula njinga muikenso padera ndalama zokonzetsera, ndipo sukulu iliyonse igwirizane ndi mmisiri wa pamsika wapafupi. Njingayo ikhale katundu wa sukulu, yolembedwa nambala m'buku, makolo ndi nyakwawa atasayinira kuti sidzapita ku chigayo kapena ku kabaza pa nthawi ya maphunziro. Mwana akamaliza Folomu 4, ailandire mng'ono wake wa Folomu 1.

Chachitatu, kwa inu atsogoleri a Chipani, ndipo pano ndinena mosabisa. Ntchito zabwino zambiri zimaonongeka pa tsiku logawa. Padzabwera wachibale, padzabwera mnzanu wa m'komiti, aliyense ndi dzina la mwana wake amene amakhala pafupi ndi sukulu. Mukaneni mwaulemu, koma mukaneni ndithu. Ndalama zogulira njingazo ndi za msonkho wa anthu onse, ndipo mwana asafunsidwe kuti makolo ake anavotera yani. Maina a olandira awerengedwe poyera pamaso pa makolo ndi mafumu. Ndiponso sonkhanitsani anthu pa ntchito zodzithandiza, kulambula tinjira ndi kukonza timilatho mvula isanayambe, pakuti mtsinje ukadzaza njinga ndi mwini wake amaima kutsidya.

Mabwana ndi Madona, mwana amene wakhoza mayeso a Sitandade 8 n'kusankhidwa wachita kale mbali yake. Yotsala ndi yathu. Mukabwerera kwanu, pitani kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yoyendera imene ili m'dera lanu, mukamufunse maina a ana amene anasiya sukulu chaka chino ndi midzi yawo. Ntchito tiyambire pamenepo.